Kudwazika ndi Kudikira: Buku la Ghost Boy kwa Wowerenga wa ku Masiphumelele

Mawu oyamba

M'mipingo yambiri ya anthu oyankhula Chichewa, kaya ndi ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Cape Town, mumakhala nthawi ya maumboni. Munthu amaimirira kutsogolo n'kufotokoza mmene anadwalira, mmene madokotala anatayira mtima, ndi mmene Mulungu anamuchiritsira. Umboni wotere ndi mtundu wa nkhani woima pawokha, ndipo uli ndi tsatanetsatane wake wodziwika: mavuto, pemphero, chozizwitsa, mathokozo. Umatha m'mphindi zochepa, ndipo mpingo umadziwa pamene uyenera kuwomba m'manja. Vuto limabwera pamene wodwalayo sanachire tsiku limodzi, pamene kuchira kwake kwatenga zaka ndipo mwina sikunafike kumapeto. Banja limene mwana wake wangoyamba kumene kugwira supuni patatha chaka ndi theka lilibe malo m'nkhani yotere. Limakhala chete kumpando wakumbuyo, ndipo nthawi zina limayamba kudzifunsa ngati chikhulupiriro chake n'choperewera.

Nkhani ino ikuzukuta buku la Ghost Boy, lomwe Martin Pistorius wa ku South Africa analemba mothandizidwa ndi Megan Lloyd Davies ndipo linasindikizidwa m'chaka cha 2011. Mfundo yake ndi yakuti mphamvu ya bukuli yagona pa zinthu ziwiri zimene umboni wa m'tchalitchi umasiya kunja: kutalika kwa nthawi ndi ntchito ya wodwazika matenda. Bukuli liwerengedwa ndi maso a munthu wa ku Masiphumelele, lokeshoni ya kum'mwera kwa mzinda wa Cape Town kumene kumakhalanso Amalawi ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ya m'madera oyandikana nayo. Malowa asankhidwa chifukwa matenda amene madokotala anawaganizira mwa Pistorius ndi odziwika kumeneko, pamene zinthu zimene zinamuthandiza kuchira n'zosowa.

Nkhani mwachidule

Martin Pistorius anabadwa pa 31 December 1975. Mu January 1988, ali ndi zaka 12, anabwera kuchokera kusukulu akudandaula zilonda zapakhosi, ndipo sanabwererenso m'kalasi. Anayamba kugona kwambiri, kukana chakudya ndi kuiwala nkhope za anthu. Pang'onopang'ono miyendo, manja ndi mawu zinasiya kugwira ntchito. Atamuyeza kwa nthawi yaitali m'chipatala, madokotala anamupatsa mankhwala a TB ya mu ubongo ndi a matenda oumitsa khosi a mtundu wa cryptococcal meningitis, koma sanathe kutsimikiza chenicheni chimene chinamugwira. Makolo ake, a Rodney ndi a Joan, anauzidwa kuti amutengere kunyumba n'kumamusamalira mpaka tsiku limene adzatsirizike.

Mnyamatayo sanamwalire. Ali ndi zaka pafupifupi 16 nzeru zinayamba kubwerera, ndipo pofika zaka 19 ankamva ndi kuzindikira zonse zomuzungulira. Koma thupi linakanabe kumumvera, tsono palibe amene anadziwa kuti wadzuka. Anakhala chomwecho kwa zaka zambiri: masana kumalo osamalirako anthu aulumali, usiku kunyumba. Mayi wina wogwira ntchito pamalopo, Virna van der Walt, amene ankamusisita thupi ndi mafuta, ndiye anaona kuti maso a mnyamatayo amayankha zimene akumuuza. Iye anachonderera makolo kuti akamuyezetse, ndipo mu 2001, ali ndi zaka 25, Martin anayesedwa ku nthambi ya yunivesite ya Pretoria yoona za njira zina zoyankhulirana kwa anthu osatha kutulutsa mawu. Kumeneko anaonetsa kuti amatha kuloza zithunzi ndi maso. Kuchokera apo anaphunzira kuyankhula kudzera pa kompyuta, anaphunzira kuwerenga, anapeza ntchito, ndipo mu 2009 anakwatira Joanna n'kukakhazikika ku England.

Dzina la bukuli m'Chichewa likhoza kukhala lakuti mnyamata mzukwa: munthu amene alipo, akuona ndi kumva zonse, koma anthu akudutsa ngati pampandopo palibe aliyense.

Nthawi ngati mtengambali

Mlembi wofotokoza za kuchira kwapang'onopang'ono amakumana ndi vuto limene mlembi wa nkhani za nkhondo kapena za chikondi sakumana nalo: kwa masiku ambiri palibe chimene chimachitika. Nthano imayenda ndi zochitika, pamene matenda a mgonagona amayenda ndi kubwerezabwereza. Njira yapafupi ndiyo kulumpha zakazo ndi chiganizo chimodzi, monga mmene wopereka umboni amachitira akanena kuti anavutika zaka zambiri koma tsiku lina Mulungu analowererapo. Pistorius wakana njira imeneyi, ndipo pamenepa ndi pamene pali luso lalikulu la bukuli.

Bukuli likuyamba ndi Martin atakhazikidwa patsogolo pa wailesi yakanema kumalo osamalirako aja, akuonetsedwa mobwerezabwereza pologalamu ya ana aang'ono ya Barney, chifukwa aliyense ankakhulupirira kuti nzeru zake ndi za khanda. Wowerenga akulowa m'nkhaniyi kudzera pa kunyong'onyeka kwa munthu wamkulu amene akusamalidwa ngati mwana. Kenaka akuona mmene Martin anadziphunzitsira kudziwa nthawi poyang'ana mmene mithunzi ikuyendera m'chipinda, kuti adziwe maola otsala bambo ake asanabwere kudzamutenga. Mthunziwo suli chokongoletsera nkhani. Ndi ntchito yoyamba imene mnyamatayo anadzipatsa yekha, ndipo wowerenga akuiona ngati chiyambi cha kuchira zaka zambiri madokotala asanadziwe kanthu.

Mitu ya bukuli ndi yaifupi, ndipo m'chigawo choyamba ikusinthanasinthana pakati pa zaka za mdima ndi masiku otsatira kuyesedwa kwa mu 2001. Kalembedwe kameneka kakuchititsa kuti wowerenga asapume n'kunena kuti zoipa zatha. Ngakhale kompyuta itabwera, ntchito ikupitirira: mayi ake akukhala naye maola ambiri tsiku ndi tsiku, akusankha mawu limodzilimodzi ndi kuwaika m'makinawo. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo bukuli likuonetsa nkhuni iliyonse ikutoledwa.

Pali mfundo ina imene ikusiyanitsa nkhaniyi ndi umboni wamba. Wopereka umboni amanena kuti wabwerera mwakale. Martin sakumbukira moyo wake asanadwale. Za ubwana wake anazimva kwa makolo ndi kuziona pa zithunzi. Sanayambenso kuyenda ndi miyendo yake kapena kuyankhula ndi pakamwa pake. Tsono mawu akuti kuchira m'bukuli sakutanthauza kubwezeredwa zimene zinatayika. Akutanthauza kumanga munthu watsopano ndi zimene zatsala. Wowerenga amene mwana wake watuluka m'chipatala ali pa njinga ya olumala akhoza kupeza chitonthozo chenicheni pa tanthauzo limeneli kusiyana ndi pa nkhani ya wodwala amene anataya ndodo n'kuthamanga.

Wodwazika pakati pa nkhani

Chichewa chili ndi mneni woyenera ntchito imene a Rodney ankagwira: kudwazika. Mneniyu akuchokera pa tsinde limodzi ndi kudwala, ngati kuti chiyankhulo chikuvomereza kuti matenda sagwira munthu mmodzi. Pofotokoza za pakhomo, anthu amati kwathu kuli matenda, ndipo mlendo akafika amafunsa mmene matenda agonera. Kayankhulidwe kameneka kali ndi ubwino wake, chifukwa kamasenzetsa mtolo banja lonse. Kalinso ndi ngozi yake: wodwalayo amatchedwa matenda, ndipo pakapita zaka dzina lake limamira. Anthu amayamba kuyankhula za iye ali pomwepo, osayankhula naye. Zimenezi n'zimene zinachitikira Martin, ndipo wowerenga wa Chichewa akhoza kuzimva mwamsanga chifukwa msamphawo uli m'chiyankhulo chake chomwe.

A Rodney akuoneka m'bukuli kudzera m'ntchito za manja awo. Ankadzuka m'bandakucha, kumuveka mwana wawo, kumupereka kumalo osamalirako, kukagwira ntchito, kumutenga madzulo, kumusambitsa, kumudyetsa ndi kumugoneka. Usiku ankadzuka maola awiri alionse kuti amutembenuze, poopa zilonda zimene zimabwera munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali. Anachita zimenezi kwa zaka zoposa khumi popanda chizindikiro chakuti mwanayo akudziwa. Bukuli silikuwapatsa mawu ambiri otamanda chikondi cha kholo. Likungowaonetsa akudzuka usiku, ndipo wowerenga akumvetsa yekha.

A Joan ndiwo mtengambali wovuta, ndipo ndi amene akuonetsa kulimba mtima kwa mlembi. Atalephera kupirira kuona mwana wawo woyamba ali choncho, anayesa kudzipha, ndipo pambuyo pake anaika mtima pa ana ena awiri, David ndi Kim. Tsiku lina, atatopa ndi mikangano ya m'banja, anayang'ana Martin n'kumuuza kuti zikanakhala bwino akanangomwalira, poganiza kuti sakumva. Iye anamva. Umboni wa m'tchalitchi sukanalola chiganizo chotere, chifukwa mayi wa mu umboni amapemphera osatopa. Nthano yophunzitsa khalidwe ikanawasandutsa mayiwa mfiti. Pistorius sakuchita chilichonse mwa ziwirizi. Akufotokoza ululu umene anamva, kenaka akufotokoza mmene anafikira pomvetsa kuti mawuwo anachokera kwa munthu amene ankalira maliro osatha a mwana amene thupi lake linali likadali m'nyumba. Ndipo mayi omwewo ndi amene pambuyo pake anakhala naye pa kompyuta mpaka mawu anabwera. Chibale ndi fupa, sichiola, koma bukuli likuonetsa kuti fupalo limathyoka ndi kulumikizikanso.

Wowerenga amene anagonapo pansi pa bedi la m'bale wake ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kumaphika ku chisakasa cha magadiyani, amadziwa kuti maganizo a a Joan si achilendo. Ambiri mwa odwazika ndi amayi, ndipo ambiri a iwo anaganizapo zimene sanganene pamaso pa abusa. Buku limene likutchula maganizo amenewa popanda kuweruza likuchita ntchito imene ulaliki umaiopa.

Mlembi sakubisanso nkhanza zimene anachitidwa m'malo ena osamalirako odwala kumene ankasiyidwa makolo ake akachokapo: kumenyedwa, kunyozedwa ndi kugwiriridwa ndi anthu amene ankadziwa kuti sangathe kuulula. Mitu imeneyi ndi yowawa kuiwerenga, koma ikumveketsa mfundo ya buku lonse. Ankhanzawo ndi Virna ankagwira thupi limodzimodzi. Kusiyana kwawo kunali pa nkhani imene aliyense anakhulupirira za thupilo: ena anati mulibe munthu, wina anati mwina alimo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Virna anadekha.

Chikhulupiriro chopanda mawu

Ku America bukuli linasindikizidwa mu 2013 ndi kampani ya mabuku achikhristu ya Thomas Nelson, ndipo ambiri amaliwerenga ngati umboni. Mtundu umenewu wa mabuku uli ndi kholo lake lodziwika: buku la Joni la mu 1976, lofotokoza za Joni Eareckson, mtsikana wa ku America amene anathyoka khosi podumphira m'madzi osaya mu July 1967 ali ndi zaka 17. Iye anakhala zaka ziwiri m'zipatala ndi kumalo a mafizo, anakwiyira Mulungu, anafuna kufa, ndipo kenaka anaphunzira kujambula atagwira burashi ndi mano. Nayenso sanayendenso. Koma Joni anali ndi mawu. Ankatsutsana ndi anzake, kuwerenga Baibulo nawo ndi kufunsa mafunso, ndipo buku lake likulunjika pa phunziro lakuti Mulungu ali ndi cholinga pa masautso.

Martin analibe mawu, analibe m'busa womuyankha, ndipo sankatha kutsegula buku. Mulungu wa m'nkhani yake ndi amene ankacheza naye mumtima pa maola amene munthu aliyense sankadziwa kuti iye alipo. Chimene chikhulupiriro chinamupatsa ndicho kudziwidwa: panali mmodzi amene sanamuyese mzukwa. Bukuli silikunena kuti Mulungu anamudzutsa tsiku lakutilakuti, ndiponso silikufotokoza chifukwa chimene matendawo anabwerera. Funso limeneli latsala lopanda yankho, monga linatsalira kwa madokotala.

Ena angaganize kuti chikhulupiriro chotere n'chochepa mphamvu poyerekeza ndi cha zozizwitsa. Komatu Malemba omwe ali ndi malo a nkhani zoyenda pang'onopang'ono. N'zoona kuti Uthenga wa Maliko umakonda kufulumira, ndipo liwu la Chigiriki lotanthauza nthawi yomweyo limapezekamo pafupifupi ka 40. Koma m'mutu 8 wa buku lomwelo muli munthu wakhungu wa ku Betsaida amene sanapenye bwino atakhudzidwa koyamba, kufikira atakhudzidwa kachiwiri. M'mutu 2 muli munthu wofa ziwalo amene anafika kwa Yesu atanyamulidwa ndi anthu anayi amene anasasula denga, ndipo chikhulupiriro chimene chikutchulidwa ndi cha gulu lonselo. M'mutu 5 wa Yohane muli munthu amene anadwala zaka 38, ndipo dandaulo lake linali lakuti analibe womuthandiza kulowa m'thamanda. Alaliki amakonda mapeto a nkhanizi. Buku la Pistorius likubwezera wowerenga ku zaka 38 zija ndi kwa onyamula anayi aja.

Pamene bukuli lafooka

Chigawo chomaliza cha bukuli chikusanduka nkhani ya chikondi. Martin anadziwana ndi Joanna pa intaneti kumayambiriro kwa 2008 kudzera mwa mlongo wake Kim, ndipo kuchokera pamenepo nkhani ikuthamangira ku ukwati. Palibe amene angamane mlembi chimwemwe chake, popeza zinachitikadi. Koma pa luso la kalembedwe, ukwatiwo ukugwira ntchito yomwe chozizwitsa chimagwira mu umboni: ukutseka nkhani ndi kupatsa wowerenga mpata wowomba m'manja. Mthunzi wa pakhoma ukuiwalika. Anzake a Martin amene anatsala kumalo osamalirako aja, amene mwa iwo mwina munali ena omva ndi ozindikira, akuzimiririka m'maso mwa wowerenga.

Chofooka chachiwiri n'chokhudza mphendero ya nkhani. Zaka zimene Martin ankadzuka ndi zomwenso dziko lake linkatuluka mu ulamuliro wa tsankho, ndipo iye akutchula kuti amakumbukira mwachimbuuzi kusankhidwa kwa Nelson Mandela mu 1994. Munthu wotsekeredwa m'thupi lake sangaimbidwe mlandu chifukwa chosaona za kunja. Komabe buku lolembedwa patapita zaka zambiri likanatha kufunsa kuti ndi mabanja angati a m'dzikolo amene akanakwanitsa zimene banja lake linakwanitsa. Bambo ake anali injiniya, mayi ake ankagwira ntchito yojambula odwala m'chipatala, panali galimoto, nyumba ya magetsi ndi madzi, malo osiyako mwana masana, yunivesite yapafupi, ndipo pomaliza panapezeka kompyuta. Zinthu zimenezi zikuoneka m'bukuli ngati mpweya umene munthu amapuma osauganizira. Chikondi cha a Rodney chinali chenicheni, koma chinali ndi poponda.

Nkhani yomweyo ku Masiphumelele

Masiphumelele ili pakati pa Fish Hoek, Noordhoek ndi Kommetjie. Poyamba inkatchedwa Site 5, ndipo dzina lake la lero, la Chixhosa, limatanthauza kuti tiyeni tipambane. Akatswiri a Desmond Tutu HIV Centre akhala akuchita kafukufuku kumeneko kwa zaka zambiri, ndipo zimene anapeza zinaonetsa kuchuluka kwa TB ndi HIV m'deralo. Kumene TB yafala, ana ena imawalowa mu ubongo, ndipo cryptococcal meningitis imagwira kwambiri anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndi HIV. Opulumuka ku matendawa ena amatsala osamva, osaona, ofa ziwalo kapena osayankhula. Onjezanipo ovulala mutu ndi msana pa ngozi zapamsewu ndi pa ziwawa. Nkhani imene dziko linaidabwa mwa Pistorius ili ndi abale ake m'nyumba za m'deralo.

Koma tsatanetsatane wake akusintha. Mbali ina ya lokeshoniyi ili m'dambo, kumene zisakasa za malata ndi matabwa zathithikana ndipo tinjira timadzaza madzi m'nyengo yozizira. Njinga ya olumala siyenda m'tinjira totere. Pa 17 December 2020 moto unapsereza nyumba zoposa 1,000, ndipo banja limene lili ndi mwana wosayenda limagona likudziwa kuti moto ukabuka liyenera kumunyamula. Chipatala cha False Bay chili pafupi, ku Fish Hoek, koma zipatala zazikulu za Groote Schuur ndi Red Cross zili pa mtunda wa makilomita oposa 30, ndipo malo aakulu a boma ophunzitsirako ovulala kuyenda ndi kudzisamalira ali ku Mitchells Plain. Ulendo uliwonse wa ku mafizo ndi tsiku la ntchito lotayika, ndipo kwa waganyu tsiku lotayika ndi chakudya chotayika.

Kwa banja la Chimalawi mtolo ukulemera kawiri. Kumudzi wodwala amadwazikidwa mosinthana: lero amayi, mawa azakhali, mkuja agogo. Ku Cape Town azakhali ali kutali, ndipo mayi amene akanakhala gadiyani ndi yemweyo amene akuyembekezeka m'bandakucha kunyumba ya abwana. Malamulo aakulu a dziko la South Africa amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, ndiponso kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo chofunikira cha zaumoyo. Koma ndalama ya mwezi ndi mwezi imene boma limapereka kwa osamalira ana aulumali waukulu imapita kwa nzika, kwa amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikolo, ndi kwa othawa kwawo ovomerezeka. Amalawi ambiri sali m'magulu atatuwa. Chipatala chikhoza kupulumutsa moyo wa mwana, koma zaka zotsatira zimatsalira banja.

Apa ndi pamene mpingo umalowa, ndipo apa ndi pamene mtundu wa nkhani zimene mpingo umakonda umakhala ndi zotsatira. Amalawi a m'dziko la eni amadziwa kusonkherana pa maliro. Thupi limatumizidwa kumudzi ngakhale mtunda ndi wautali. Maliro ali ndi mwambo, ali ndi tsiku loyamba ndi lotsiriza. Matenda a mgonagona alibe. Sabata zoyamba amayi a mvano amabwera ndi nyimbo ndi chakudya, koma mwezi wachisanu ndi chimodzi khomo limakhala zii. Mpingo umene unazolowera nkhani zothera pa chozizwitsa kapena pa manda umasowa chonena kwa banja limene lili pakati. Choipa kwambiri n'chakuti pamalo opanda nkhanipo pamabwera nkhani ina yakale. Mwana wosayankhula, wongokhala, m'nyumba ya bambo amene wayamba kupeza bwino ku Joni, amayambitsa manong'onong'o akuti anamukhwimira, kuti anamusandutsa ndondocha. Mawu akuti mzukwa, amene kwa wowerenga wa Chingerezi ndi chiphiphiritso chabe, kwa wowerenga wa Chichewa ali pafupi ndi mlandu umene umagwera makolo enieni. A Rodney akanakhala Mmalawi, kudzuka kwawo usiku kukanatanthauziridwa mwina.

Masiphumelele si malo opanda mabuku. Lutz van Dijk, mlembi wobadwira ku Germany amene anathandiza kukhazikitsa nyumba yosungira ana ya HOKISA m'deralo, analemba buku la Themba mu 2006, ndipo filimu yake inatuluka mu 2010. Mbu Maloni anasindikiza mbiri ya moyo wake, Nobody Will Ever Kill Me, mu 2011, ndipo Sonwabiso Ngcowa anatulutsa In Search of Happiness mu 2014. Mabukuwa akukamba za achinyamata olimbana ndi umphawi, nkhanza ndi tsankho. M'nkhani ya Themba muli chinthu choyenera kuchiika pafupi ndi Ghost Boy: mnyamata ndi mlongo wake akuchoka ku Eastern Cape kukafuna mayi awo ku Cape Town, ndipo akuwapeza akudwala Edzi. Kumeneko ana ndiwo akusamalira kholo. Mabuku awiriwa akaikidwa pamodzi akuonetsa kuti funso lakuti ndani adzadwazika ndani silikuyankhidwa ndi chikondi chokha. Likuyankhidwanso ndi chuma ndi mbiri ya dziko.

Zimene alembi a Chichewa angatolepo

Nkhani zazitali za Chichewa zinabadwira pafupi ndi guwa. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, likutsata munthu kuchokera ku moyo wosokonekera kufikira atatembenuka mtima, ndipo njira imeneyo yatsatidwa ndi alembi ambiri. M'kalasi wophunzira amafunsidwa phunziro limene watolapo pa nkhani, ndipo mlembi wodziwa zimenezi amakonza masautso a mtengambali kuti akhale chilango cha khalidwe loipa kapena khomo la kutembenuka mtima. Matenda a mwana wa zaka 12 amene sanalakwe kanthu sakwana m'chikombole chimenechi. Palibe wolakwa woti alangidwe, palibe tsiku limodzi loti likhale pampondachimera.

Komatu zipangizo zolembera nkhani yotere zilipo kale m'chiyankhulo ndi m'moyo wa anthu. Alipo mneni wa kudwazika. Chilipo chisakasa cha magadiyani, kumene amayi ochokera m'maboma osiyanasiyana amabwerekana mchere ndi kuuzana za odwala awo. Alipo malo a Kachere ku Blantyre, kumene ovulala msana ndi ofa ziwalo amaphunzira kukhala tsonga, kudya okha ndi kuyenda. Ku Blantyre komweko, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyeso woonera kukula kwa chikomokere cha mwana wodwala malungo a mu ubongo, ndipo muyesowo umadziwika ndi dzina la mzindawo m'maiko ambiri. China mwa zimene umayang'ana n'chakuti kodi maso a mwanayo akutsata nkhope ya mayi ake. Limeneli ndi funso lomwe Virna anafunsa, ndipo ndi funso limene mlembi angamangepo buku lathunthu.

Nkhani yotere ikalembedwa kuchokera ku Masiphumelele, mtengambali wamkulu akhoza kukhala mayi wokwera minibasi ziwiri kapena zitatu kukazonda mwana wake, kapena mlongo wamng'ono amene wasiya sukulu kuti azimutembenuza. Chikhulupiriro chingaonekere mwa mkulu wa mpingo mmodzi amene akubwerabe mwezi wachisanu ndi chimodzi, ngakhale alibe mawu atsopano. Mlembi adzafunika kupirira chiyeso chodzutsa mwanayo m'mutu womaliza, ndiponso chiyeso chomupha kuti nkhani ipeze mathero.

Mawu omaliza

Ghost Boy ndi buku la banja limodzi lopezako bwino, ndipo kumapeto kwake likugonjera chilakolako cha mathero okoma. Komabe m'mitu yake yabwino likuchita chinthu chimene wowerenga wa Chichewa ayenera kuchisamala: likuonetsa kuti mnyamata anakhala zaka zambiri ali mzukwa chifukwa anthu omuzungulira anali atatseka kale nkhani yake. Madokotala anaitseka ndi chigamulo, osamalira ena anaitseka ndi chizolowezi, ndipo mayi ake anaitseka ndi chisoni. Amene anaisiya yotsegula ndi bambo wodzuka usiku, mayi wosisita amene anayang'ana m'maso, ndi Mulungu amene mnyamatayo ankacheza naye mumtima. Mipingo ndi alembi akaphunzira kukamba nkhani zimene sizinathe, banja lokhala kumpando wakumbuyo lija lidzapeza mpata woimirira n'kunena kuti mwana wagwira supuni, ndipo mpingo udzadziwa kuti umenewo ndi umboni wokwanira.